Nanga Mabatani Onse Aja Anali a Ndani?

Anzanga, pali pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa FocusWriter. Mukaitsegula, sikirini yonse imasanduka tsamba lopanda kanthu, n'kutsala kamzere kamodzi kothwanimathwanima, kodikira kuti mulembe. Batani palibe, wotchi palibe, ngakhale dzina la pulogalamuyo silioneka. Mukafuna kusunga zomwe mwalemba, mumakankhira mausi m'mphepete mwenimweni mwa sikirini, timabatani n'kutulukira, mukaichotsa n'kubisalanso. Anaipanga ndi Graeme Gott ndipo amaipereka ulere. Ine ndaiyesa, ndaikonda ndi mtima wonse. Koma yandisiyira funso lomwe likundisowetsa mtendere: ngati polemba pamangofunika tsamba ndi zilembo, zina zonse zija zinali za ndani?

Ndikunena za Microsoft Word, yomwe ambirife tinaphunzirira kutaipa. Inatuluka mu 1983, ndipo mu 2007 anaiika lamba wamkulu pamwamba, wodzaza timabatani thothotho. Inu munadinapo tingati? Ine ndimadziwa kodetsera zilembo, kosungira, ndi kosindikizira. Akatswiri amati kabatani kalikonse kali ndi ntchito yake, ndipo sindikuwatsutsa, chifukwa wolemba lipoti la kuofesi lokhala ndi matebulo ndi zithunzi amatifunadi. Koma wolemba kalata kwa amalume ake? Wolemba nthano? Mwana wasukulu amene wangouzidwa kuti alembe chimangirizo? Munthu wapempha khasu lokalimira dimba, iwo amubweretsera thirakitala. Kodi anatifunsa liti kuti tikufuna chiyani?

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi timizere tofiira. Lembani chiganizo chimodzi cha Chichewa mu Word, muone. Pansi pa mawu pafupifupi onse pabwera kamzere kofiira kokhotakhota, mpaka tsamba lonse psuu. Timizereti anatiika mu 1995 kuti tizisonyeza mawu olakwika, ndipo kwa wolemba Chingerezi timathandizadi. Koma kompyuta ikufufuza mawu athu m'dikishonale ya Chingerezi, ndiye iwapeza bwanji? Walemba dzina la agogo ako, akuti walakwitsa. Walemba dzina la mudzi wakwanu, akuti walakwitsanso. Nthawi zina imakukonzera yokha mawu omwe sunalakwitse, iwe osaona, n'kudzazindikira kalata itapita kale. Ndimaganizira mwana amene akulemba chiyankhulo cha amayi ake koyamba pakompyuta, n'kuona zofiira paliponse. Aganiza chiyani za chiyankhulo chakecho? Akuti timizereti tikhoza kuzimitsidwa, ndipo n'zoona, pozimitsira palipo, mu FocusWriter ngakhalenso mu Word momwemo. Nditazimitsa ine, Chichewa changa chinaoneka chaudongo, chopanda mlandu. Nanga bwanji pa maphunziro onse a kompyuta aja palibe anatisonyeza pozimitsirapo?

Mapulogalamu a mtundu wa FocusWriter alipo ambiri, ndipo ena ndi ogula. WriteRoom, ya Jesse Grosjean, inatuluka mu 2006 ya makompyuta a Mac, zilembo zobiriwira patsamba lakuda monga makompyuta akale ankaonekera. Mu 2010 kunabwera iA Writer, yomwe imawalitsa chiganizo chokhacho chimene mukulemba, zina zonse n'kuzilala. Ndiye pali Freewrite, makina a kampani ya Astrohaus, kiyibodi ndi kasikirini kakang'ono basi, ntchito yake kulemba yokhayokha, mtengo wake madola mazanamazana. Apa mundithandize, abale. Tinalipira kuti atiwonjezere zinthu. Tsopano tilipirenso kuti azichotse? Nanga Notepad, yomwe imabwera kale mu Windows osalipira kanthu kapadera, yalakwa chiyani?

George R. R. Martin, wolemba mabuku omwe anapangirapo sewero la pa TV la Game of Thrones, anauza Conan O'Brien pa TV mu 2014 kuti amalembera pa WordStar 4.0, pulogalamu ya m'ma 1980, pakompyuta ya DOS yosalumikizidwa ku intaneti. Anafotokoza kuti safuna kompyuta yomukonzera mawu. Mabuku akewo ndi ochindikala zedi. Ife timauzidwa chaka ndi chaka kuti chomwe tili nacho chatha ntchito, tigule chatsopano. Ndiye wonena zoona ndani?

Kuyamba kugwiritsa ntchito FocusWriter sikovuta, ndipo n'chifukwa chake ndikudabwa kuti sitinauzidwe. Mumaika pulogalamuyo pakompyuta yanu, kaya ya Windows kaya ya Linux, n'kuyamba kulemba. Ilinso ndi poikira mlingo wa tsiku, kuti lero ndilemba mawu akutiakuti kapena mphindi zakutizakuti, ndipo imakuwerengerani. Zomwe mwalemba mukhoza kuzisunga ngati fayilo wamba ya .txt, yaing'ono kwambiri, yotseguka pakompyuta ndi pafoni iliyonse. Musaiwale kudina Ctrl ndi S kawirikawiri, magetsi salawira akamapita. Ine ndinafunsa kuti, nanga mitu ya nkhani ndi zilembo zopendekera ndizipanga bwanji popanda mabatani? Anandiuza za Markdown, njira yomwe John Gruber anatulutsa mu 2004. Mukaika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere, mzerewo ndi mutu. Mukazinga mawu ndi kanyenyezi uku ndi uku, mawuwo adzapendekera. Mukazinga ndi tinyenyezi tiwiri, adzada. iA Writer imayendera njira imeneyi. Zimenezi munthu amaziphunzira asanamalize kapu ya tiyi. Ndiye bwanji tinkakhala miyezi tikuloweza malo a timabatani?

Komabe si zonse zomwe ndamvetsa. Mu FocusWriter momwemo muli posankhira mitundu ya tsamba, chithunzi cha kumbuyo, ndi maonekedwe a zilembo. Mulinso poyatsira phokoso la taipilaita, kuti mukadina chilembo zizimveka kuti thapa thapa ngati mu ofesi ya kale. Ena amati phokosolo limawapatsa mphamvu, ndipo ndimawakhulupirira. Koma tinabwera kuno kuthawa phokoso. Munthu akhoza kutha m'mawa wonse akusankha mtundu wa tsamba, asanalembe liwu n'limodzi lomwe. Kodi zosokoneza zija tazithawadi, kapena zatitsatira zitasintha malaya?

Ndipo pali china chomwe pulogalamu siingachikhudze n'komwe. Yabisa zonse za pasikirini, inde. Koma pambali pa kiyibodi pali foni. Gulu la WhatsApp la kumpingo likulira, la achibale likulira, la omwe munaphunzira nawo kusekondale nalonso likulira. Simungawatseke onse, chifukwa uthenga wa matenda ndi wa maliro umadzera momwemo, ndipo munthu amene sayankha amaoneka wodzikuza. Opanga mapulogalamuwa amatilonjeza bata. Ine bata limenelo ndikulifuna kwambiri, chifukwa pali nkhani zambiri za kwathu zomwe sizinalembedwe, ndipo sizingalembedwe ndi munthu amene mtima wake ukudumphadumpha mphindi iliyonse. Koma kodi muizimitse foniyo? Muisiye kuchipinda china? Mupatse wina akugwirireni kwa ola limodzi, akuitaneni pokhapokha nkhani ikakhala yaikulu? Inu amene munayamba kale kulemba motere, foni mumaiika kuti?