Nthungululu kwa Fani ya Kaunjika

Boma la Ntcheu lili ndi zambiri zotamandika, ndipo zonsezo zidapeza kale ozitamanda. Mbatatesi ya ku Tsangano ili ndi mbiri mpaka ku Limbe. Tomato ndi kabichi wa pa Lizulu amadziwika kwa aliyense amene adakwerapo basi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ngoma ya Angoni nayo imadzaza bwalo pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo. Koma alipo mtumiki mmodzi amene wagwirira ntchito boma lino kwa zaka zambiri popanda womuombera m'manja. Amakhala mumdima, kuseri kwa radiyeta, pansi pa boneti. Ndikunena fani yamagetsi, makamaka ya kaunjika ija, yozulidwa m'galimoto imene idafa kalekale, yomangidwa ndi waya ndi mphira za chubu, yozungulira ikafuna ndi kupuma ikafuna. Bayethe sindinena, poti ulemu umenewo ndi wa Inkosi ya Makhosi Gomani, koma amayi, nthungululu yokha musaimane.

Taganizani kukula kwa udindo wake. Petulo amene mudamugonera pamzere uja sikuti yense amakankha matayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limasanduka kutentha kolowa m'madzi a injini, ndipo kutenthako kumayenera kutulukira pa radiyeta. Galimoto ikamathamanga, mphepo ya pamsewu imagwira yokha ntchitoyi, fani n'kumangogona. Koma ingoimani, kapena yambani kukwawa pa giya wani, mphepo ija yatha, ndipo injini yogulidwa ndi mamiliyoni yatsala m'manja mwa kamota kokwana m'chikhatho. Tsono dziko la Ntcheu lidachita kuumbidwira kamotaka. Msewu wa M1 ukachoka pa Chingeni umangokwera, kudutsa pa Kampepuza ndi pa Boma, kukwererabe mpaka kumapiri a ku Lizulu. Wochokera ku chigwa cha Bwanje mu Okutobala amayamba chitunda injini itatentha kale. Onjezanipo marodibuloko, misika ya m'mbali mwa msewu, ndi chipata cholipirira cha pa Chingeni chimene chidatsegulidwa mu Novembala 2021, pomwe galimoto imayenera kuima injini ikulira. Malo onsewa ndi mabwalo amene fani imaweruzirapo milandu.

Kunja kuli anthu amene amatsutsana usiku wonse za fani yoyenera injini yamphamvu ya galimoto zampikisano. Amawerengera mpweya umene fani imakoka pa mphindi, amayeza kukula kwa radiyeta, amakangana ngati fani ziwiri zazing'ono zimaposa imodzi yaikulu. Ine ndimawamvera chisoni, chifukwa injini yamphamvu sadaione. Abwere adzaone Sienta ya kuno. Kampani ya Toyota idayamba kupanga galimotoyi mu 2003, ya mipando 7, injini yake ya 1,496 cc, cholinga chake mayi wa ku Japan azikatengera ana kusukulu. Ikafika kwathu imakwezedwa pa udindo: anthu khumi ndi awiri, matumba a mbatatesi kumbuyo, nkhuku pansi pa mpando, dalaivala atakhala theka kunja kwa chiwongolero. Galimoto yampikisano imanyamula munthu mmodzi pamsewu wosalala. Ndani wamphamvu pamenepa? Ndipo poti injini ya Sienta ndi ya Probox idagona chopingasa, singazungulitse fani ya lamba yoyang'ana radiyeta monga imachitira lole kapena Hiace yakale. Chiyembekezo chonse chili pa fani yamagetsi, ndiye chifukwa chake eni galimoto anzeru amaigula yotchipitsitsa pamsika wonse.

Zabwino zimene fani yotere yachitira anthu a kuno n'zosawerengeka. Fani yatsopano ndi yodzikonda: imadutsitsa galimoto boma lonse osasiyamo ngakhale K100. Ya kaunjika ili ndi mtima wa chitukuko. Imaimitsa galimoto pomwe woyendetsa sadafune kuima, ndipo apaulendo amene amati sagula kanthu amapezeka atanyamula chimanga chootcha, mazira owiritsa ndi ndowa ya tomato. Palibe nduna ya zamalonda imene idabweretsapo makasitomala pakhomo chotere. Imagwiranso ntchito zokopa alendo. M'dera la Lizulu msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndiye munthu amene sadagwirepo pasipoti amatsika, n'kuoloka tala kukafuna pobisala, n'kubwerako atayenda kunja kwa dziko.

Mwambo wake ndi wokoma kuuonera. Kanyali kofiira kamayaka pa dashibodi, dalaivala n'kukayang'ana kumbali ngati sakukadziwa. Kenako kafungo kotentha kamalowa m'kati, nthunzi n'kutulukira m'mphepete mwa boneti. Kondakitala amatsegula chitseko mwaulemu: "Makosana, tatsikani pang'ono, yangotentha iyi, siinafe." Amasolola chigubu chachikasu pansi pa mpando n'kuthamangira ku mjigo. Apo ndiye sukulu yatsegulidwa. Mphunzitsi wa pulayimale, wogulitsa kaunjika, mbusa ndi mnyamata wa kabaza wongodutsa, onse aweramira mu injini, aliyense ndi matenda ake. Wina amenya fani ndi sipanala, fani n'kuzungulira kawiri, anthu n'kusekerera, iyo n'kuimanso. Dalaivala wakulunga chiguduli kudzanja kuti atsegule chivundikiro cha radiyeta, ndipo gogo wina ali chapatali akuti, "Mwananga, nkhopeyo udzaifunabe." Gogoyo akunena zoona. Chivundikirocho chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120 digiri. Mukachitsegula injini ili moto, madzi onse amawira nthawi imodzi n'kukuthirani kumaso, ndipo kumapiri ngati ku Lizulu madzi osapanikizidwa amawira asanafike n'komwe pa 100. Sayansi yonseyi anthu amaiphunzira ulere, ataimirira padzuwa. Ndi sukulu iti ina imene imaphunzitsa mbusa ndi wakabaza pa benchi imodzi?

Tsono wofuna kulandira nawo madalitso amenewa asankhe mosamala, chifukwa fani yabwino ikhoza kumulowerera osadziwa. Choyamba, apewe ya saizi ya galimoto yake. Atenge yaing'ono, yochokera m'galimoto ya mtundu wina, yoti ikaikidwa iphimbe kachigawo chabe ka radiyeta. Chipulasitiki chozungulira fani chija, chimene chimachititsa kuti mpweya ukokedwe kudutsa radiyeta yonse, achidule ndi mpeni poti chikuthina. Chikachoka chimenecho fani imangotakasa mphepo ya m'mbali, ikulira mokhutiritsa khutu. Pomangirira, waya adutse m'kati mwa zisa za radiyeta, kuti mabampu a msewu wa ku Tsangano azimupekesa pang'onopang'ono mpaka timapaipi titayamba kudontha.

Pali luso lina lapamwamba limene amisiri ochepa okha ndiwo adalifikira. Kamota ka fani kali ndi mawaya awiri, ndipo mukawasinthanitsa kamazungulira chobwerera. M'malo mokoka mpweya wozizira kuchokera kutsogolo, fani imayamba kukankhira kutsogolo mpweya wotentha wa injini, kulimbana ndi mphepo ya pamsewu, ndipo ziwirizi zimagwirana pakhosi pa radiyeta pomwepo popanda wopambana. Mwini galimoto amaimva ikulira n'kunena kuti fani ilibe vuto. Anthu oipa mtima amaulula chinsinsichi ndi kapepala: amakaika kutsogolo kwa radiyeta fani ikuzungulira, kakamatirira ndiye kuti ikukoka bwino, kakauluzika ndiye kuti mawaya adatembenuzidwa. Musalole munthu wonyamula kapepala kuyandikira galimoto yanu.

Za magetsi ndiye musavutike nazo. Fani imakoka moto wambiri, makamaka poyamba kuzungulira, n'chifukwa chake a ku fakitale adaiikira waya wonenepa, relay ndi fyuzi. Fyuzi ikapsa imakhala ikunena kuti kamota katopa kapena waya wakhudza chitsulo penapake, koma ndani ali ndi nthawi yomvera kanthu kakang'ono choncho? Pindani kawaya mulowetse m'malo mwake. Tsiku lina mudzaotha moto wa galimoto yanu yomwe, ndipo m'chisanu cha Juni anthu a m'mudzi adzakuthokozani. Kenako pamabwera mankhwala otchuka m'magalaja a pansi pa mtengo: kuchotsa thermostat ndi kulumikiza fani dayilekiti, kuti izizungulira kuyambira pomwe mwaliza galimoto mpaka pomwe mwazimitsa. A ku Japan adafuna kuti madzi azitsekeredwa mu injini mpaka atenthe kupitirira 80 digiri, fani n'kudzuka pokhapokha ayandikira kuwira. Ife tidaona kuti umenewo ndi ulesi. Zotsatira zake, m'mawa wa Julayi pa Mlangeni injini imayenda yozizira, ikumwa petulo wambiri, ndipo kamota kosapumako kamadzafa mwakachetechete mu Okutobala, pakati pa chitunda, tsiku limene kakufunika koposa.

Adani a faniyi alipo, ndipo mlandu wawo ndi umodzi: gasiketi. Amati injini za masiku ano zili ndi mutu wa aluminiyamu, umene ukatenthedwa kwambiri umapindika, makamaka kondakitala akauthira madzi ozizira a pa mjigo uli moto. Gasiketi ikapsa, oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera n'kumatuluka kumbuyo, ndipo ndalama yokapalitsa mutuwo, kugula gasiketi ndi kulipira makaniko ikadagula mafani atsopano angapo. Zonsezi n'zoona, koma akuiwala kuti makaniko nayenso ali ndi ana a sukulu. Komanso tiyeni tiweruze mwachilungamo. Amene adakweza anthu khumi ndi awiri si fani. Amene adathira madzi a m'chithaphwi m'radiyeta mpaka dzimbiri kutseka timapaipi si fani. Iyo idachenjeza: idayamba kulira mokhotakhota, idapsereza fyuzi, idafuna kumenyedwa ndi sipanala kuti idzuke. M'galimoto yonse mulibe chipangizo china chonena zoona chotere, ndipo malipiro ake ndi kutukwanidwa.

Pempho langa likupita kwa inu madalaivala a pakati pa Chingeni ndi Masasa. Ngati mwatsimikiza mtima kukhalabe ndi mtumiki ameneyu, chigubu chizikhala cha malita 20, chodzaza musananyamuke. Ndipo kambiranani naye bwinobwino kuti akafuna kupuma azipumira pa Lizulu kapena pa Kampepuza pomwe pali chimanga chootcha ndi mthunzi. Ife apaulendo tatopa kuimikidwa pakati pa phiri popanda ngakhale wogulitsa nthochi.