Ulemerero wa Lenzi ya Zonsezonse

Pa zipangizo zonse zojambulira zithunzi, palibe chimene chimanyozedwa ndi akatswiri koma n'kumagulidwabe ngati lenzi ya zonsezonse, ija imene imayambira pa 18mm n'kukathera pa 200mm, 300mm kapena 400mm mwini wake osaichotsa pa kamera. Akadaulo amati ndi ya alendo odzaona malo, ya alesi, ya anthu amene anagula kamera yodula koma alibe mtima wophunzira. Milandu yonseyi ndi yoona, ndipo ndi yomweyi imene ikuyenera kuipatsa mpando wa kutsogolo. Lenzi imeneyi ndi yokhayo imene inapangidwa moganizira munthu mmene alili: wotopa, wofika mochedwa, wa manja awiri basi. Zinzake zotamandidwazo zinapangidwira munthu amene sanabadwe, wa msana wosamva katundu, amene mbalame, ana ndi akwati amamudikira mwaulemu akamatsegula chikwama.

Mbiri ya banja lake ndi ya kusamva. Lenzi yoyamba ya zoom ya makamera ojambula zithunzi zosayenda pa filimu ya 35mm, Voigtländer Zoomar, inatuluka mu 1959 ndipo inkangoyenda kuchoka pa 36mm kufika pa 82mm. Mu 1963 Nikon inatulutsa ya 43-86mm, imene ojambula amaikumbukirabe chifukwa cha kufooka kwa zithunzi zake, koma inayenda malonda. Banja la manyazi likanadzichepetsa pomwepo. Ili linangowonjezera. Mu 1992 Tamron inabweretsa 28-200mm yaing'ono yokwana m'dzanja, mu 2005 Nikon inatulutsa 18-200mm yokhala ndi kachipangizo koletsa kunjenjemera, kenako Tamron inakwera pa 18-270mm mu 2008, pa 16-300mm mu 2014, mpaka 18-400mm mu 2017, imene imakoka chinthu kuwirikiza ka 22 ndi kupitirira pang'ono. Akatswiri akamadandaula, nambala ya kumapeto imangokwera.

Zolakwa zake sizichita kufufuzidwa, ndipo gwero lake ndi lodziwika. Kalenzi kotchipa ka Canon ka 50mm f/1.8 kali ndi magalasi 6 okha m'kati, kamalemera magalamu 160, ndipo kanapatsidwa ntchito imodzi. Tamron ya 18-400mm ili ndi magalasi 16 amene amayenda m'magulu, kutalikirana ndi kuyandikirana pamene dzanja likupotokola, ndipo palibe kayalidwe ka magalasi kamene kangakhoze bwino pa 18mm n'kukhozanso pa 400mm. Opanga sangachotse cholakwacho, amangochigawa kuti mbali iliyonse ilandireko pang'ono, ndipo chilungamo chotere sichipezeka kawirikawiri. Pa 18mm khoma lowongoka limatuluka mimba, ukakoka chapatali mizere imapindikira m'kati. M'makona mumakhala kamdima ndi chimbuuzi. Nthambi za mtengo zikakhala pa thambo lowala zimavala mkombero wofiirira kapena wobiriwira umene Namalenga sanaike. Otsutsa amatcha zimenezi matenda. Koma khoma lowongoka aliyense analionapo, ndipo kamdima ka m'makona komweko anthu amachita kukawonjezera okha pa foni kuti chithunzi chioneke chaluso, pamene apa kabwera kaulere. Za chimbuuzicho ndiye musanene. Lenzi yoona kwambiri ndi kazitape: imaulula makwinya, ziphuphu, ufa wopaka kumaso umene sunalowerere, ulusi wosomphoka pa kolala. Lenzi ya zonsezonse inaleredwa bwino, imadziwa kuti si zonse zimene maso aona zoyenera kukanena pagulu. Palibe munthu anabwezapo chithunzi chifukwa choti chamuchotsera zaka zisanu.

Mlandu waukulu ndi wa kuwala, ndipo uwu sitingaulumphe. Malenzi amenewa amayamba ndi khomo lotseguka bwino ndithu, f/3.5, koma akamakoka chinthu chakutali khomolo limachepa mpaka f/6.3, ndipo Nikon Z 28-400mm ya mu 2024 imakathera pa f/8. Kuwala kolowa pa f/6.3 n'kochepa kuwirikiza ka 12 poyerekeza ndi kolowa pa f/1.8. M'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono kapena mu holo madzulo, kamera imakakamizika kuchedwa kutseka, apo ayi kukweza ISO, ndiye chithunzi chimatuluka chogwedezeka kapena chodzaza timchenga. Kachipangizo koletsa kunjenjemera kamathandiza dzanja la wojambula, koma sikangaimitse munthu amene akuvina. Apa ndi pamene khalidwe la lenziyi limaonekera: imadziwa nthawi yoweruka. Dzuwa likapendeka imayamba kuyasamula, likalowa yatseka ofesi, ndipo mwini wake amapeza mpata wokhala pansi n'kudya nawo. Ilinso ndi kudzichepetsa kwina kumene ambiri sakudziwa. Nambala yolembedwa pa bokosi imakhala yoona chinthu chikakhala kutali kwenikweni; chikayandikira mamita owerengeka, 200mm ija pa malenzi ambiri a mtundu uwu imakoka ngati 135mm kapena chapomwepo. Ena amati n'chinyengo, koma lenzi yosafuna kudzionetsera pamaso pa anthu oyandikana nayo yalakwanji? Ndipo ukaiweramitsa pansi imadzitambasula yokha mpaka kumapeto ndi kulemera kwa magalasi ake, moti opanga anachita kuiikira kabatani koimangira. Ndi chipangizo chiti china chokonda ntchito mpaka kuchita kumangidwa kuti chipume?

Wotsutsa wodziwa kulankhula adzakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, kutanthauza kuti lenzi yofuna za pafupi ndi za kutali yomwe sigwira chilichonse. Mwambiwo ndi wabwino, koma waloza munthu wolakwika. Amene ali ndi mapanga awiri enieni ndi katswiri uja wa 24-70mm ndi 70-200mm, zonse za f/2.8, yachiwiriyo yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa makamera a DSLR, ndipo kuti afike pa 400mm afunikanso yachitatu. Tamron ya 18-400mm imalemera magalamu pang'ono kupitirira 700, yonse. Taganizirani pa ukwati nthawi ya pelekanipelekani: gulu lonse likuvina pafupi, ndipo pakona kutali agogo aimirira kuti avine kamodzi kokha. Katswiri wa kamera imodzi ali pakati pa mapanga ake, lenzi ina kukhwapa, ina m'dzanja, chivundikiro pakamwa. Akamamaliza, agogo akhala pansi. Wa zonsezonse wangopotokola dzanja ndipo agogo alowa, makona a chimbuuzi inde, koma alowa. Chimodzimodzi ku Liwonde, kumene njovu ikhoza kudzaza msewu pamene nkhwazi ili pa mtengo kutsidya kwa Shire, ndipo fumbi la mwezi wa Okutobala likungodikira kuti kamera itsegulidwe. Kafumbi kakagwera pa sensa kamasiya dontho pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse chotsatira, makamaka pa thambo, mpaka kamera itapukutidwa. Ndiye kuti wosintha malenzi pofuna ukhondo wa m'makona amabwerera kwawo ndi madontho pakati.

Palinso funso loti kuoneka bwinobwino kwa chithunzi kunayamba liti kukhala muyeso wa ukulu wake. Zithunzi 11 zimene Robert Capa anajambula pa gombe la Omaha mu 1944, asilikali akutuluka m'madzi, ndi zogwedezeka ndi zachimbuuzi, ndipo dziko silinaziiwale. Munthu wa Henri Cartier-Bresson wolumpha chithaphwi kuseri kwa siteshoni ya Saint-Lazare ku Paris mu 1932 ndi mthunzi chabe wopanda nkhope. Adzati akuluakuluwa sankagwiritsa ntchito zoom, ndipo n'zoona, Cartier-Bresson ankakonda 50mm pa Leica yake. Izi zikungosonyeza kuti iwo anachita kulowa m'nkhondo ndi kusuzumira pa mpanda kuti apeze chimene lenzi yathu imapereka tsiku lililonse popanda ngozi. Nanga zithunzi za masiku ano zimathera kuti? Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa chithunzi cha mapikiselo 6,000 ndi 4,000, WhatsApp n'kuchifinya, Instagram n'kuchichepetsa kufika pa 1,080 mulifupi monga yakhala ikuchitira kwa zaka zambiri, kenako chimaonedwa pa foni ya galasi long'aluka, padzuwa, kwa masekondi awiri. Makona amene akatswiri amalirira amaoneka kwa munthu amene wajambula khoma la njerwa n'kulikulitsa pa kompyuta. Anthu otero alipo, ndipo khoma la njerwa ndi bwenzi labwino kwa iwo chifukwa silisuntha.

Chotsutsa chimene chili ndi mano ndi chakuti lenzi iyi imalesetsa miyendo. Munthu wa 50mm amakakamizika kuyandikira, kugwada, kuzungulira, ndipo m'kuyendako amaphunzira kuti kuima pafupi ndi kukoka uli patali sizipereka chithunzi chimodzi, chifukwa kukula kwa zinthu za kutsogolo poyerekeza ndi za kumbuyo kumadalira pamene waima. Wa zonsezonse akhoza kutha chaka ataima pakhomo la basi. Izi sitikana. Tingonena kuti ulesi unalipo zoom isanabwere, ndipo lenzi sinamange munthu miyendo; amene akufuna kuyenda akhoza kuiika pa 35mm, kuilumbirira kuti saipotokola, n'kuona ngati lumbirolo lifike masana. Enanso amakwiya kuti malenzi atsopano amadalira kompyuta ya m'kamera kuti ibise zolakwa. Canon RF 24-240mm ya mu 2019 ndi chitsanzo: chithunzi chake cha pa 24mm chisanakonzedwe chimakhala chofufuma ndi makona akuda bii, ndipo kamera imachitambasula n'kudula m'mbali mwini wake asanachione. Amati uku n'kubera mayeso. Koma galasi lovomera kuti palokha silingathe, n'kupempha mnzake wa m'nyumba yomweyo kuti alithandize, laonetsa nzeru imene akatswiri ambiri alibe.

Amene amajambula nyumba zoti mizere yake ikhale yowongoka, masewero a usiku, kapena zithunzi zokapachika pa zikwangwani za m'misewu, asiyeni asenze katundu wawo, ntchito yawo imafunadi magalasi olemerawo ndipo misana ndi yawo. Enanu amene muli ndi lenzi ya zonsezonse, lekani kuibisa ndi chipewa katswiri akamadutsa. Jambulani kunja kukuwala, ikani pa f/8 ngati kuwala kukulola, zinthu zofunika muzisunge pakati pa chithunzi, ndipo musanayambe kuyenda tsekani kabatani kaja.