Ichi n'chiyani, n'kulinga muli angati?

Unali mwezi wa Disembala, mango atapsa, magetsi atazima, mayi a kunyumba atapita kumudzi kukazonda matenda. Cha m'ma 1 koloko usiku padenga panamveka "gu!", kenako chinthu chinagubuduka pamalata mpaka kukagwera kuseri. Pomwe ndimati ndadzuka, ndinali nditaima kale pakhomo la kuchipinda, mpini wa khasu uli m'manja. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinautenga nthawi yanji.

Madokotala amati mu ubongo muli kachigawo kakang'ono ngati mtedza, kotchedwa amygdala, kamene sikadikira kuti munthu uganize. Kakangomva zachilendo, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline. Mtima umathamanga, magazi amapita kumiyendo ndi kumikono, m'kamwa mumauma gwa, m'mimba mumasiya kugaya nsima ija. Thupi limakhala likukonzekera kumenya kapena kuliyatsa liwiro. Ndi mimba yangayi, zaliwirozo zinali zokayikitsa.

Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ankadziwa kuti funso likasowa womufunsa limatsakamira pakhosi, n'kuyamba kumera nyanga. Mnzako akakhala pambali, mwina akuseka, mwina akuti tiye tikaone, ndipo mtima umatsika. Ndiye ine ndinati wachiwiriyo ndili naye, ali pansi pa pilo. Ndinatenga foni n'kulemba pagulu lathu la pachibale la WhatsApp: "Abale, china chagwa padenga."

Sindinkadziwa kuti mtundu wathu sugona. Amalume anayankha kuti amenewo ndi akuba, amayamba aponya mwala kuti amve ngati m'nyumba muli mwamuna. Azakhali anatsutsa: lichero la afiti latha mafuta, ndimwaze mchere pakhomo, ndipo wamaliseche ndikamuona ndisamulankhule. Msuweni wa ku Johannesburg anatumiza mawu ojambula otalika ngati ulaliki, onena za mnzake amene anayamba choncho, lero kulibe. Onsewa ndi ondikonda, koma wonena kuti "ndikubwera" panalibe. Mpini uja ndinali nditaugwira tsopano ndi manja awiri.

Apa kuseka ndikuyamba ndasiya pang'ono. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinayenda chonchi ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, pakamwa ndi pafoni, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Ofunsana ichi n'chiyani anali khwimbi, aliyense kuthira nkhuni pa mantha a mnzake.

Chimene chinandipulumutsa ndi kutsokomola kwa alonda a nyumba yoyandikana nayo, bambo achikulire a chikhoti chachitali. Ndinawaitana pawindo ndi mawu amene ine ndemwe sindinawazindikire.

"Gogo, tabwerani. Kuseriku kuli chinthu."

"Chinthu chanji, bwana?"

"N'chimene ndakuyitanirani."

Tinazungulira nyumba, iwo patsogolo ndi tochi, ine pambuyo, poti kutsogoza wamkulu ndi ulemu. Pafupi ndi mgolo wa madzi panali bango lalikulu lakupsa bwino, mbali imodzi italumidwa ndi mleme. Gogo analitola, kulipukuta pachikhoti, kuchotsa polumidwapo ndi kampeni, n'kuyamba kudya.

"Mawa akakuopsezaninso mundiitane. Ndibwera ndi jumbo."

Kutacha ndinatumiza chithunzi cha njere yake pagulu paja. Azakhali anangoyankha kuti, "Nanga mlemewo wautuma ndani?"