Ogoletsa Tili Nawo, Pagolo Pali Alamu

Pali mphekesera ku Bundabunda kuno yoti ine, msungichuma wa timu yathu ya mpira, ndinamwaza ndalama. Oyambitsa mphekeserayi ndikuwadziwa, koma sindiwatchula poti wina mwa iwo ndi amene amandiphikira. Chomwe ndikufuna mudziwe n'chakuti ndimayendetsa chuma mofanana ndi mabiliyoneya a ku America. Timangosiyana maziro.

Izi ndinazitulukira mphwanga wa ku Lusaka atandionetsa pafoni masewero otchedwa baseball. Kwa inu amene simunawaonepo: wina amaima pakachulu n'kuponya kampira kolimba, mnzake amadikira ndi chibonga, akakamenya amataya chibongacho n'kuliyatsa liwiro. Ena onse amangoima m'bwalo kumatafuna. Akuti msana wa timu ndi woponya woyamba, amene amatsegula masewero. Iyeyu akabalalika, omenya akhale akatswiri chotani, tsikulo lapita. Ndiye tamverani izi: akaponya lero, amapuma masiku anayi. Timu imasewera masewero 162 pachaka, choncho imafunika oponya oyamba asanu osinthana, ndipo zigongono zawo sizichedwa kupita kwa dokotala. Ntchito tsiku limodzi, kupuma anayi, malipiro mamiliyoni. Ine ndi khasu langa tinabadwira kolakwika.

Ku New York kuli timu ya Mets, mwini wake Steve Cohen. Mu 2023 mkuluyu analipira osewera ake kuposa timu ina iliyonse. Oponya awiri okha, Max Scherzer ndi Justin Verlander, aliyense ankalandira madola 43 miliyoni ndi kanthu pachaka, chonsecho Verlander anali ndi zaka 40, mnzakeyo ali m'njira yomweyo. Timu inapambana masewero 75 n'kugonja 87. Chaka chili pakati, madala awiri aja anawatumiza kumatimu ena, koma a Cohen anapitiriza kulipira gawo lalikulu la malipiro awo ali kwa eni. Scherzer anakagwera ku Texas Rangers, ndipo chaka chomwecho timuyo inanyamula chikho cha World Series. Uku ndiye kudyetsa ng'ombe madeya, iyo ikukalima munda wa mnansi.

Mukuganiza kuti anagwa mphwayi? Mu Disembala 2024 anagula Juan Soto pa madola 765 miliyoni a zaka 15. Soto ndi womenya, saponya. Mu 2025 oponya anaphwa mphamvu chaka chisanathe, timu inayamba kudalira anyamata ongokwezedwa kumene, ndipo sinalowe n'komwe m'ndime yolimbirana chikho. Kodi alipo amene anaitanitsa a Cohen pansi pa mtengo wa mango kuti akafotokoze? Ine anandiitanitsa, ndi kope lomwe.

Mlandu wanga ndi wochepa. Anthu anasonkha: wina nkhuku, wina chitini cha mtedza, wina thumba la makala lomwe tinakagulitsa m'mbali mwa Great East Road. Ine monga munthu woona patali ndinati anthu samabwera kubwalo kudzaona munthu akugwira mpira, amabwera kudzavina chigoli. Ndinakopa ogoletsa atatu. Woyamba amachokera ku Chongwe, ali ndi nsapato zakezake zampira, koma sanyamuka asanalandire ya basi ndi ya foni. Wachiwiri amagoletsa kwambiri Lachitatu pokonzekera. Wachitatu sanagoletsepo, koma kavinidwe kake kosangalalira chigoli anakakonza kale, ndipo ndi kabwino.

Nthawi yomweyo goloboyi wathu anapempha magolovesi. Ndinamuuza kuti Mulungu anamupatsa kale zikhato ziwiri zaulere. Pano ndi kondakitala wa minibasi ku Lusaka, akuti ndalama zachitsulo amaziwakha osagwetsa ndi imodzi yomwe. Pagolo ndinaikapo alamu anga, omwe salipidwa chifukwa ngongole ya malowolo ikadali pakati pathu ndipo tonse sitifuna kuyambitsa nkhani za ndalama. Alamuwa ndi munthu waulemu kwambiri. Mpira ukabwera, amaupatsa njira.

Masamu anga anali osavuta: iwo akatichinya zisanu, ife tibweza zisanu ndi chimodzi. Gawo loyamba la masamuwa likukwaniritsidwa Lamlungu lililonse mosaphonya.

Pamsonkhano uja akochi anaimirira ali ndi mkwiyo wa munthu amene amalipidwa ndi munkoyo. Anati, "Amsungichuma, mu 2012 ku Libreville, chikho cha Africa chinabwera bwanji? Mphindi 120 Ivory Coast ya Drogba osaona ukonde. Pamapenate Kennedy Mweene anagwira ya Kolo Touré, yakenso anamwetsa, tinapambana 8-7. Inu mukanamugulitsa Mweene n'kugula ovina!" Anthu anawomba m'manja. Mayi a kunyumba kwathu ndiwo analuluta.

Apa ndinatulutsa mfuti yanga yomaliza, Shohei Ohtani. Mnyamata wa ku Japan ameneyu amaponya n'kumenyanso, ndipo mu Disembala 2023 Los Angeles Dodgers inamutenga pa madola 700 miliyoni a zaka khumi. Koma iye anavomera kumalandira 2 miliyoni yokha pachaka. Zotsalazo, 680 miliyoni, adzayamba kulandira mu 2034. Anatero kuti timu ikhale ndi zogulira ena, ndipo mwezi womwewo inagula woponya Yoshinobu Yamamoto pa madola 325 miliyoni. Mu 2024 Ohtani sanaponye ndi kamodzi komwe poti chigongono chinali chitangochitidwa opaleshoni, koma chikho anatenga. Mu 2025 anatenganso, Yamamoto ataponya masiku awiri otsatizana kumapeto, osapuma masiku anayi aja.

Ndinati, "Atcheyamani, njira imeneyi ku America akuitcha nzeru zatsopano, koma ife tinaiyamba kale. Anyamata athuwa timawauza kuti adzalandira tikakolola. Chilala cha 2024 chitatipsereza chimanga, tinawauza kuti adzalandira tikadzakololanso. Kodi Ohtani anadandaulapo?"

Atcheyamani anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti Yamamoto wathu ali kuti.

Choncho ananditumiza kukasaka goloboyi. Ndinamva za mnyamata wina wamtali chakufupi ndi akasupe otentha a ku Chinyunyu, woti akatambasula manja amakhudza mitengo yonse iwiri. Ndinapalasa njinga, ndinamupeza, ndinamufotokozera mgwirizano wa zaka khumi mwa chiJapani. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Amalume, nkhani ndi yabwino. Ine ndikufuna mbuzi. Yamoyo, yaikazi, ifike pakhomo pano lisanakwane Loweruka. Za 2034 mukapatse a Ohtani."

M'kope mwatsala ndalama yokwanira chingwe cha mbuziyo.

Komiti yagamula kuti mpaka mbuzi idzapezeke, alamu apume, ndipo pagolo paime munthu amene ananena kuti zikhato ndi zaulere. Ndapempha kuti azindipatsa masiku anayi opuma monga mwa malamulo a ku America. Atcheyamani ati asanu ndi limodzi andipatsa, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.