Timipira tanga tinkabalalika tikatentha

Masabata atatu athunthu ndinasaka vuto pomwe panalibe, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Ndinkayerekezera pa kompyuta timipira tachitsulo tothinana m'bokosi lotenthedwa chapansi. Njira yake ndi DEM, ija anayambitsa Cundall ndi Strack mu 1979. Kompyuta imawerengera mmene kampira kalikonse kakukankhira anzake, n'kupititsa nthawi patsogolo pang'ono, n'kuwerengeranso. Kanthawi kameneka, time step, kakatalika mopitirira, manambala amasokonekera.

Poyamba ndinafewetsa chitsulocho. Young's modulus yake, muyeso wa kulimba kwake, ili cha m'ma 200 GPa, koma ine ndinalemba 200 MPa kuti ntchito ithamange, monga amachitira ambiri. Tsono timipira tofewa timaphwanyirana, malo okhudzana n'kukula, ndiye kutentha kunkadutsa msanga kuposa mmene kumachitira pa chitsulo chenicheni. Ndinabwezeretsa 200 GPa usiku wina, maso akulemera ndi tulo. Time step sindinaikhudze.

Mmawa mwake zonse zinayamba bwinobwino. Timipira tinangokhala duu, mtundu wofiira wosonyeza kutentha ukukwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Kenaka kampira kamodzi kapakona kanayamba kunjenjemera, anzake n'kutengera, posakhalitsa bokosi lonse linali mbwee! Pamalo pa manambala panangodzaza NaN, chizindikiro choti kuwerengera kwasokonekera.

Poti zinkachitika kukatentha, ndinaloza chala gawo lowerengera kutentha. Ndinalilembanso kawiri. Zitakanika ndinachita chinthu chomwe chimandiwawabe mumtima: ndinawonjezera damping, yochepetsa kugwedera kwa timipira, mpaka kunjenjemera kuja kunabisika, n'kupita nazo zotsatirazo kwa aphunzitsi anga ngati zenizeni.

Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Mutalimbitsa chitsulo, Rayleigh time munaiwerengeranso?"

Ndinasowa chonena. Rayleigh time ndiyo imasonyeza malire a kutalika kwa time step. Chitsulo chikalimba kuwirikiza ka 1,000, time step iyenera kuchepa pafupifupi ka 32. Tikali tozizira, timipira tinkangogundana pang'ono, n'chifukwa chake vutolo silinkaoneka. Koma chitsulo chimafufuma chikatentha, pomwe makoma a bokosi langa sankasuntha. Pa lamulo la Hertz, timipira tikamapanikizana kwambiri, pokhudzana pake pamalimbiratu, mpaka time step yanga ija sinathenso kutsatira. Kutentha kunangoulula chomwe ndinasiya ndekha usiku uja.

Ndinachotsa damping yowonjezera ija, n'kuika time step pa magawo 20 pa 100 a Rayleigh time. Ntchito ya maola ochepa inatenga masiku, koma timipira sitinabalalikenso. Mnzanga wina anali atatenga kale manambala olakwika aja n'kuwaika mu lipoti lake, ndiye madzulo omwewo ndinapita kukamupepesa.