Adadi, tafika?

Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Chipata pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, koma mwana wa zaka 4 alibe nazo ntchito zimenezo. Galimoto isanadutse n'komwe Chelstone, funso layamba kale: "Adadi, tafika?"

Anzathu a ku Kabulonga amati nkhaniyi anaithetsa ndi tabuleti. Zoonadi, bata limakhalapo mpaka ku Chongwe. Koma msewu ukangoyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, netiweki imathawa, mwana chizungulire chamugwira, kadzutsa yense n'kubwerera pachitenje cha amayi.

A ku Kabwata, okwera basi pa Intercity mbandakucha, amadalira njira yamakolo yotseka pakamwa. Zitumbuwa poyamba, nsomba yokazinga pa Luangwa Bridge, nthochi pa Nyimba. Mwana amakhala chete ndithu. Kungoti cholowa chimafunanso potulukira, ndipo dalaivala wa basi saimira munthu wovala thewera.

Ena amati muziwerenga naye mbuzi za m'mbali mwa msewu. Yesani, koma musadabwe pofika ku Petauke mwanayo ali m'tulo, inu bambo wamkulu mukuwerengabe mbuzi mokweza.