Domo ndi Nyerere Zake

Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akanakhalapo lero, mwambiwu akanaunena akuloza TV, chifukwa m'menemo ndi momwe nkhuyu zimapsa tsiku lililonse: owerenga nkhani odzola phaudala, mano ali mbee, tsitsi losagwedezeka ngakhale kunja kukuomba mwera.

Ku Japan, wailesi ya kanema ya NHK inauzondotsa mwambiwu. Mu 1998, pokonzekera kukondwerera zaka 10 za kanema wa pa setilaiti, inafuna chidole choti chiziiimira, ndipo Tsuneo Goda anabwera ndi Domo. Mwina mukuganiza za kambalame ka nthenga zowala. Iwalani. Domo ndi chinthu chabulauni, chamakona anayi ngati njerwa yomera ubweya, kukamwa kuli yasa usana ndi usiku, mano osongoka onse ali pamtunda.

Mbiri yake ndiyo yosowetsa ankhoswe chonena. Anaswedwa m'dzira, n'kukhazikika m'phanga la Usajii, kalulu wokalamba wokonda tiyi ndi TV, ndipo za kutsanzika sanazilotepo. Amakonda nyama yophika pamodzi ndi mbatatesi, koma maapozi safuna n'kuwaona komwe. Choposa zonse, akachita mantha kapena akakhumudwa, amaphwisa. Tangoganizani akuluakulu amataye atakhala pamsonkhano, wina n'kukweza dzanja kuti, "Mfundo ya mpweyayi ndaivomereza."

Nanga anthu anathawa? Anachita kumukumbatira. Nkhope yake inafika pa zikwama, pa malaya ndi pa intaneti, ndipo mu 2008 masitolo a Target ku America anamutenga kuti aziwaitanira ogula pa nyengo ya Halloween. Chinsinsi n'chakuti Domo nyerere zake anaziika kunja. Ukamutenga umadziwiratu chimene wanyamula, sudzalira mawa kuti anakupusitsa.

Ife tili kalikiliki kuchita zosiyana. Chithunzi chisanafike pa Facebook timayamba tachisula: ziphuphu zichoke, mimba ilowe m'kati, galimoto ya eni ake ikhale kumbuyo. Tsiku lokumana maso ndi maso, mnyamata amadutsa mtsikana wake pa depoti katatu, uku akumuimbira foni kufunsa kuti waima pati.

Choncho tengeraniko phunziro kwa Domo, muzionetsa mano anu momwe alili. Zinazo zokhudza mantha musatengere, makamaka mukakhala pamaso pa apongozi.